Mwini Boti Akati Lero Sitipita

Pakoleji pano tilipo kagulu kochepa ka ophunzira amene tikafunsidwa kuti kwathu n'kwa maola angati, timayankha kuti zimatengera mphepo. Anzathu a ku Dedza ndi ku Thyolo amaseka, amayesa tikucheza. Iwo mtunda amauyeza ndi mtengo wa minibasi. Ife kwathu ndi kugombe la kumpoto kwa Nkhata Bay, ku Usisya, ku Ruarwe, ena mpaka ku Tcharo ndi ku Mlowe m'boma la Rumphi, kumene mapiri amatsetsereka n'kudzalowa m'nyanja osasiyako ngakhale kanjira koti ngolo n'kudutsa. Ku Usisya msewu ulipo, wotsika phiri kuchokera ku Mzuzu, koma mvula ikakhwima madalaivala ambiri amaukana. Ku Ruarwe ukafuna kufikako usankhe chimodzi, boti kapena miyendo yako. Mwana wodwala, thumba la simenti, malata a tchalitchi, maliro, ngakhale ife tikamabwera kuno ndi masutikesi athu, zonse zimayenda pamadzi.

Amalawi ambiri akamva za nyanja amaganiza za Mangochi ndi Salima: mchenga woyera, madzi olekeza m'mawondo, chambo chootcha. Nyanja yake ndi yomweyi, inde, koma ya kwathu ndi ya m'mapiri, ndipo khalidwe lake ndi lina. Nyanja ya Malawi inakhala m'chigwa chimene chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira. Utali wake ndi makilomita pafupifupi 580. Pamwamba pa madzi ake m'pokwera mamita pafupifupi 470 kuyerekeza ndi nyanja zamchere, koma kumpoto kwa Nkhata Bay, chakutsogolo kwa midzi yathu, kuya kwake kumafika mamita 700. Ndiye kuti pansi penipeni pa nyanja yathu m'potsika kuposa madzi a ku Beira. Kumbuyo kwathu kuli Viphya ndi Nyika, imene nsonga yake imafika mamita 2,600. Kutsidya, ku Tanzania, mapiri a Livingstone anaima ngati khoma. Malo ambiri ukangopalasa pang'ono kuchoka kumtunda, nangula sagundanso pansi. Gombe lakenso, mtunda wautali, ndi matanthwe okhaokha. Nyengo ikasintha uli pakati pa ulendo, sungangoti tiyeni tikocheze apa. Pokocheza palibe.

Mphepo za nyanja yotere zili ndi mayina, ndipo mwana wa kugombe amazidziwa asanadziwe kulemba dzina lake. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa, kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti, zaka zina kufika Sepitembala. Popeza nyanjayi inagona kuchokera kummwera kupita kumpoto, mapiri atayitchinga uku ndi uku ngati ngalande, mwera umayenda utali wonse wa madzi popanda choupinga. Funde lobadwira ku Monkey Bay likamafika kwathu limakhala litakula msinkhu, ndipo amabwera motsatizana pafupipafupi, boti lisanadzuke pa loyamba lachiwiri lafika kale. Ukhoza kuwomba masiku atatu kapena anayi osapuma, asodzi ali kumtunda kusoka maukonde. M'dzinja kumabwera mpoto ndi mabingu ake odzidzimutsa. Vuma ndi wa kum'mawa. Koma pali mphepo ina imene wailesi siyingakuuzeni, yotsika m'zigwa. Mpweya wa pamwamba pa phiri ukazizira umalemera, n'kuyamba kutsetsereka m'makwalala a mitsinje ngati madzi, mpaka kudzatulukira panyanja ndi mphamvu. Mukudutsa pamathiriro a mtsinje nyanja ili phee, mungomva kuzizira patsaya, posakhalitsa boti lapendekeka. Amene munadabwapo kuti namondwe wa panyanja ya Galileya ankagwa bwanji mwadzidzidzi chotero, nayonso inazunguliridwa ndi mapiri, ndipo mphepo zake zimatsika m'zigwa chimodzimodzi.

David Livingstone atabwera ndi boti lake mu 1861 anakumana nazo zimenezi mpaka anaitcha nyanja ya anamondwe, ngakhale a zokopa alendo amakonda dzina lina lija, la nyanja ya nyenyezi. Mu Sepitembala 1895 Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican, akubwerera ku Likoma atangodzozedwa kumene ku England, anamira pamene boti lake la matanga linagubuduzika usiku. Amalinyero ake anasambira n'kupulumuka. Iye, mbiri imatero, mkanjo wake wautali unamwa madzi n'kumulemera. Manda ake ali ku Nkhotakota. Pa 30 Julayi 1946, mwera uli pachimake, sitima ya Vipya inatembenuzika kufupi ndi Chilumba ndipo anthu 145 anafa. Imeneyi inali sitima yachitsulo, yatsopano, osati bwato losema.

Koma ngozi imene ife sitimaiwala ndi ya pa Isitala mu 2017, cha ku Mlowe. Boti linanyamula Akhristu ochuluka kupyola muyeso, akuchokera ku mapemphero, mphepo n'kuwapeza panjira. Ena anapulumuka, ena mitembo yawo inapezeka, ena anasakidwa masiku angapo. Sanali a mpingo wathu, koma aliyense amene anakwerapo boti popita ku msonkhano wa misasa akhoza kuliona botilo m'maganizo mwake: amayi atavala yunifolomu, ana ali pamiyendo, mapoto ndi mitolo ya nkhuni pakati, nyimbo ili mkamwa, m'mphepete mwa boti mutatsala chikhatho chimodzi kuti madzi ayambe kulowa.

Nyanja ya m'mapiri ili ndi vuto lina limene anthu a kunyanja zamchere salidziwa: chombo sichingabwere chokha. Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, anachita kuiphwasula n'kuisenzetsa anthu mazanamazana kulambalala mathithi a Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, n'kukaimanganso kumtunda. Inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. Ilala imene timaidziwa ifeyi inapangidwa ku Glasgow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, inamangidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba ntchito mu 1951. Agogo athu anaikwera ali anyamata. Kwathu ilibe pokocheza, imangoponya nangula chapatali n'kutsitsa timaboti take todzatenga anthu, ndipo tsiku limene ikubwera mudzi wonse umakhala pagombe. Tsono chimene chinali choona kwa sitima n'choona kwa kanthu kalikonse kakang'ono. Pulagi ya injini, chingwe, phula lomatira mng'alu, lita imodzi ya petulo, zonse zimachita kutsika phiri kapena kudikira sitima. Mwini boti akaona kuti kanthu kena katha mphamvu, nthawi zambiri amangomanga ndi waya n'kumayenda, pakuti chatsopano chili ku Mzuzu.

Kuti timvetse kuti si ife tokha, tiyang'ane nyanja ina ya m'mapiri imene ambiri tinaimva m'nkhani za mishoni tili ana, Titicaca, pamalire a Peru ndi Bolivia, kumene Fernando ndi Ana Stahl anakagwira ntchito pakati pa anthu a mtundu wa Aymara ku Platería kuyambira mu 1911. Nyanja imeneyi ili pamwamba mamita oposa 3,800, kupitirira nsonga ya Sapitwa. Sitima yake yakale, Yavarí, inapangidwa ku England mu 1862. Zidutswa zake pamodzi ndi za inzake, zoposa 2,700, zinakwezedwa mapiri a Andes pamsana pa nyulu, ndipo zinatenga zaka kuti zifike. Inayandama mu 1870. Nkhuni kumeneko n'zosowa, choncho moto wa injini yake ankausonkhezera ndi ndowe zouma za nyama zotchedwa llama. Anthu a mtundu wa Uros, posowa mitengo yosema, amamanga mabwato awo, ngakhalenso zilumba zimene amakhalapo, ndi chomera cha m'madzi chonga mlulu chotchedwa totora. Pamalo okwera chotero mpweya ndi wopepuka, moti injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, ndipo madzi ndi ozizira kwambiri. Munthu wogweramo, ngakhale katswiri, manja amauma asanasambire patali.

Za kuzizirazi tisaziyese zakutali. Nyanja ya Malawi ndi yofunda, koma madamu a m'mapiri mwathu, Luwawa ku Viphya, a ku Chelinda pa Nyika, Mulunguzi paphiri la Zomba, mu Juni ndi Julayi madzi ake amaluma. Amenewa ndiwo malo amene makalasi ndi makwaya amakonda kupitako kokayenda. Munthu akagwera m'madzi ozizira mwadzidzidzi, thupi limakoka mpweya lokha asanafune, ndipo ngati mutu uli pansi wamwa madzi kale. Damu laling'ono looneka laulemu limapha wodziwa kusambira m'njira imeneyi.

Nanga dziko lathu lili ndi chiyani chothandiza oyenda pamadzi? Zilipo, ngakhale zambiri zinaunjikana kummwera. Ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa oyendetsa zombo ndi amakaniko ake, komanso malo okonzerako sitima. Ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi, kuli koleji ya zausodzi ndi malo okhomerako maboti a matabwa. Malamulo alipo oti boti lonyamula anthu lilembetsedwe, lipimidwe, ndipo likhale ndi chiwerengero chake chosapyola. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza za mwera pawailesi ndi pa Facebook, kawirikawiri kusanachitike, ndipo machenjezo amenewa sanama kwenikweni. Koma wopima maboti sangakhale pagombe lililonse, ndipo m'makwalala ambiri a kwathu foni imagwira ukakwera pamwala wakutiwakuti basi. Chotsala pagombe nthawi ya ulendo ndi maso a mwini boti ndi pakamwa pa okwera.

Chinanso chimene chimatiwawa ndi kutha kwa thanga. Nyanja ino inali ya matanga. A Jumbe a ku Nkhotakota ankawolotsa minyanga ndi akapolo pa zombo za matanga, ntchito yoipa koma luso lenileni, ndipo mpaka pano pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique mukhoza kuona zombo zotere zitasenza nkhuni ndi matumba, zikuyenda popanda dontho la mafuta. Kwathu anyamata ena amamangabe saka kapena chitenje pamtengo, mphepo ikakhala kumbuyo, n'kupumitsa nkhafi. Koma maboti onyamula anthu anadalira injini kotheratu. Mwa ambiri simupezamo thanga, nthawi zina ngakhale nkhafi ziwiri zokha. Injini ikazima pakati pa mwera boti limatembenuka n'kupereka nthiti kwa mafunde, ndipo apo m'pamene madzi amalowera. Pamene ife tikutaya lusoli, ena akuseweretsa. Mwezi wa Julayi kwakhala kukuchitika mpikisano wa maboti a matanga, woyambira ku Mangochi kulowera kumpoto, mtunda wa makilomita pafupifupi 500, ndipo amasankha dala nyengo ya mwera kuti uziwakankha. Mphepo imene imatigoneka ndi njala iwo amaiyembekezera chaka chonse. Sitikuwada ayi. Timangoona kuti aliyense wa iwo amavala jekete yoyandamitsa, ndipo pambuyo pawo pamayenda boti lowapulumutsa, pamene iwo ndi amene amadziwa kusambira.

M'boti lathu jekete zimenezi, zikakhalapo, zimakhala zochepa ndipo zimagona pansi pa benchi, kapena wina wakhalira. Kupempha imodzi kumaoneka ngati kunyoza woyendetsa, kapena kuitana tsoka. Mnyamata amaopa kuti atsikana amuseka. Mayi amaopa kufunsa pamaso pa amuna. Wophunzira wa kukoleji amaopa kuti anena kuti sukulu yamupatsa mantha. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndipo panyanja amanyazi oyamba kumira ndi amayi, chifukwa ambiri sanaphunzitsidwe kusambira, avala zitenje ziwiri ndi diresi lalitali, mwana ali kumbuyo. Mkanjo wa bishopu uja sunali wolemera kuposa yunifolomu ya Dorika itanyowa.

Tsopano tifike pa Lachisanu, pakuti apa m'pamene nkhaniyi imatikhudza ife osunga Sabata mosiyana ndi ena. Aliyense wa ife anaonapo zotere pagombe. Gulu la kwaya kapena la achinyamata lafika masana, lili ndi pulogalamu mawa kumpingo wina kuseri kwa phiri. Mwini boti wayang'ana kummwera, waona mzere wakuda pamadzi ndi timafunde toyera tikuphulika patali.

"Akuluakulu, nyanja sili bwino. Tidikire mphepoyi igwe, mwina chakumadzulo, apo ayi mawa m'bandakucha."

"Bambo, tatithandizani. Dzuwa likalowa ife sitiyenda, ndipo anthu akutidikira. Mulungu atitsogolera."

Munthu uja ali pampanipani. Amene akumupemphawo ndi akulu a mpingo, aphunzitsi, anthu ovala mataye, ena ndi abale a mkazi wake. Mafuta wagula kale pangongole. Amalandira ndalama pamutu pamutu, choncho munthu aliyense wotsala pagombe ndi phindu lotayika. Akakana, pali mnyamata wina poteropo amene ali ndi boti laling'ono ndi mtima waukulu, ndipo gulu lipita kwa iyeyo. Nthawi zambiri amavomera. Nthawi zambirinso amafika bwino, atanyowa, akukapa madzi ndi mbale, ndipo mawa lake umboni umaperekedwa kutsogolo kuti Ambuye anatiwolotsa. Anawolotsadi. Koma umboni umenewu umaphunzitsa ana kuti mwini boti uja anali wa chikhulupiriro chochepa, pamene iye ndi yekhayo pagulu lonselo amene ankadziwa chimene akunena.

Ife tikuona kuti chida chachikulu panyanja ya m'mapiri ndi mawu a munthu ameneyu akuti lero sitipita, ndipo mawuwa amagwira ntchito pokhapokha okwera atawalemekeza. Iye anaphunzira nyanja kwa atate ake. Amadziwa chigwa chimene chimalavula mphepo, mwala umene umabisala madzi akakwera, kagombe kamodzi kokha pakati pa Usisya ndi Ruarwe kapena kupitirira apo kamene angathawireko. Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse la mulaibulale yathu. Digiri ya zaumulungu kapena ya zamalonda siimupatsa munthu mphamvu yotsutsana naye. Sabata likakupezani pagombe ndi Sabata ndithu. Mudzi uliwonse kumeneko uli ndi mthunzi ndi anthu oti n'kupemphera nawo, ndipo mpingo umene unakudikirani udzakhululuka msanga kusabwera kwanu kusiyana ndi kukumba manda khumi.

Zambiri mwa izi zimakonzeka pamsonkhano wa bodi, osati pagombe. Ulendo wa pamadzi m'miyezi ya mwera uzikonzedwa kunyamuka Lachinayi, kuti Lachisanu likhale tsiku lapadera ngati nyanja yakana. Boti lizilipiridwa lonse paulendo, osati pamutu, kuti mwini wake asapindule ndi kudzaza. Akati anthu 25, wa 26 atsale ngakhale ndi woimba bwino kuposa onse. Pakhale munthu mmodzi, makamaka mayi wachikulire amene saopa nkhope ya aliyense, woti aziwerenga anthu ndi majekete asanamasule chingwe. Mayina a okwera atsale kumtunda ndi wina amene akudziwa nthawi yoyenera kufika. Mipingo yathu imatha kusonkhera masipika, kiyibodi ndi yunifolomu zatsopano chaka ndi chaka. Majekete makumi atatu osungidwa kwa dikoni, obwerekedwa ndi gulu lililonse lopita pamadzi, sangatikanike.

Ndipo pano pakoleji tili ndi poyambira. M'buku la maphunziro a Pathfinder muli mabaji a kusambira, kupalasa bwato ndi kuyendetsa boti la matanga. Amene amavala mabaji a mfundo za zingwe ndi a kuguba ndi ambiri. Wa kusambira sitinamuonepo kawirikawiri. Chikhalirecho anamwino, aphunzitsi ndi abusa amene akuphunzira kunowa ena adzatumizidwa ku Likoma, ku Chizumulu, ku Chisi panyanja ya Chilwa, kapena kwathu kumene. Tsiku loyamba kuntchito adzakwera boti. Ife a kugombe tikhoza kuwaphunzitsa zoyambirira pa tchuthi chimodzi: kuyandama chagada osalimbana ndi madzi, kukhala pansi pakati pa boti funde likamabwera m'malo mothamangira mbali imodzi, kumasula mwana kumbuyo ndi kumuveka jekete yake boti lisananyamuke, kuvula nsapato ndi chitenje chapamwamba, ndiponso kusalisiya boti likatembenuzika, chifukwa lamatabwa nthawi zambiri limayandamabe ndipo ofufuza amaona boti msanga kusiyana ndi mutu wa munthu.

Pamene majekete sanagulidwe, pali chigubu. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimanyamula makilogalamu pafupifupi 20 pamadzi, ndipo munthu wamkulu ali m'madzi safuna ochuluka chotero kuti mutu ukhale pamwamba. Sichilowa m'malo mwa jekete, pakuti wokomoka kapena wotopa amachitaya, koma chikamangidwa kachingwe kolowetsa dzanja chimamusunga munthu kufikira thandizo litabwera. Kwathu nyumba iliyonse ili nacho. Chimene muyenera kuyang'ana musanakwere ndi chivindikiro chake, chifukwa zambiri zinataya kale, eni ake anangotseka ndi kapepala ka pulasitiki n'kumanga ndi mphira.